Levi Mumba, Mlembi wa Anthu

Ananu a pa Chitala, mudaona makolo anu ali pamzere tsiku la chisankho, nabwerako chala chili ndi inki. Kale sikudali kotero ayi. Malamulo a dziko lino ankapangidwa ku Zomba ndi Azungu okhaokha, ndipo mmishonale ndiye ankalankhulira eni dziko.

Levi Mumba adali Mngoni wa kumpoto, wophunzira ku Livingstonia. M'chaka cha 1912 adakhala mlembi wa North Nyasa Native Association, bungwe loyamba la mtundu wotere m'Nyasaland. Iye sadagwire mkondo ndi chishango monga makolo ake. Chida chake chidali cholembera. Adalembera Boma makalata aulemu koma osabisa mawu, kupempha sukulu zabwino, ndi kuti anthu akuda amvedwe pa milandu ya dziko lawo. Boma lidachedwa kumva, koma iye sadaleke zaka makumi atatu. Ndani wa ife akadapirira chotero?

Mu 1944 mabungwe otere adaphatikizana, nabala Nyasaland African Congress, ndipo adasankha Mumba akhale mtsogoleri woyamba. Koma adamwalira mu Januwale 1945, atagwira ntchitoyo miyezi itatu yokha. Anthu akuda oyamba adalowa m'nyumba ya malamulo mu 1949, iye ali m'manda.