Nainsukh, Wojambula Amene Sanamusiye Mbuye Wake

Lero timve mbiri ya munthu wina wa ku India, dzina lake Nainsukh. Iyeyu anabadwa cha m'ma 1710 ku Guler, kumapiri a kumpoto kwa dzikolo. Bambo ake a Pandit Seu anali ojambula, mkulu wake Manaku nayenso chimodzimodzi, ndiye luso analitengera pakhomo pomwepo.

Nthawi imeneyo makamera kunalibe. Mafumu a mtundu wa Rajput akafuna kuti anthu adzawakumbukire ankalemba ntchito munthu wojambula ndi manja. Ankajambula papepala laling'ono, penti yake yochokera ku miyala yopera ndi zomera, burashi yake ya ubweya wa gologolo. Mwambo wake unali woti mfumu ioneke cham'mbali, itavala nduwira kumutu, mkanjo wautali wotchedwa jama womangira m'mbali mwa chifuwa, lamba wa nsalu m'chiuno, ngale m'khosi, lupanga lili pafupi. Munthu ukangoona zovalazo unkadziwiratu kuti awa ndi eni dziko.

Cha m'ma 1740 Nainsukh anachoka kwawo n'kupita ku Jasrota. Kumeneko anayamba kutumikira Zorawar Singh, kenako mwana wake Balwant Singh, wa banja lachifumu koma wopanda ufumu waukulu. Apa ndi pamene ntchito yake inasiyana ndi ya anzake. Zithunzi za ulemu ankajambula ndithu, komanso ankamujambula mbuye wakeyo mmene analili tsiku ndi tsiku: akumuchepetsa ndevu, akusuta fodya wa m'kaliwo wa madzi, akumvera oimba, akulemba kalata. Pa chithunzi china Balwant Singh akuyang'ana chojambula, Nainsukh mwiniwake ataima kumbuyo, atawerama mwaulemu.

Zinthu zitamuvuta Balwant Singh n'kuchoka ku Jasrota, wojambulayo sanakafune bwana wina wolemera ayi. Anapita naye limodzi, mpaka anamujambula ali mu tenti, atafunda chofunda chifukwa cha kuzizira. Balwant Singh anamwalira mu 1763, ndipo Nainsukh anaperekeza phulusa la mtembo wake ku Haridwar, ku mtsinje wa Ganga, monga mwa mwambo wa Ahindu. Ali komweko analemba za ulendowo ndi mayina a abale ake m'buku la ansembe. Bukuli ndi lomwe linathandiza katswiri wina, B. N. Goswamy, kudziwa mzere wa banjali.

Pambuyo pake Nainsukh anakagwira ntchito ku Basohli kwa mfumu Amrit Pal, ndipo anamwalira mu 1778. Ana ake anayi nawonso anali ojambula. Lero zithunzi zake zina zili ku London ndi ku Zurich. Balwant Singh sanali mfumu yotchuka, koma nkhope yake ikudziwika mpaka pano chifukwa cha wantchito amene anakhala naye pa mtendere ndi pa mavuto pomwe.