MBIRI YA BERNARD MIZEKI, MPHUNZITSI WA KWA MANGWENDE

Abale athu a ku migodi ndi ku mapulazi, mverani mbiri ya munthu amene anachoka kwao ali mwana kukafuna ntchito, monga ambiri a inu munachitira, ndipo anafera ku dziko la eni chifukwa cha kukonda anthu osakhala a mtundu wache.

Bernard Mizeki anabadwa pafupi ndi Inhambane, m'dziko la Mozambique, cha m'chaka cha 1861. Ali ndi zaka ngati 12 anakwera chombo napita ku Cape Town, kumene anagwira ntchito zamanja zaka zambiri, nakhala m'nyumba zothithikana za anthu osauka. Poona umo mowa unali kuonongera anzache, iye anaukana. Usana anali kugwira ntchito, ndipo madzulo, atatopa kale, anali kupita ku sukulu ya usiku ya ansembe a Anglican a Society of St John the Evangelist. Kumeneko mphunzitsi wache, mai Paula von Blomberg wa ku Germany, anaona kuti mnyamatayo ali ndi mutu wogwira zinenero msanga. Anabatizidwa m'mwezi wa March 1886, nalandira dzina la Bernard, ndipo pambuyo pache anaphunzira pa Zonnebloem College.

M'chaka cha 1891 Bishopu Knight-Bruce anafuna anthu omperekeza ku Mashonaland, kumene tsopano ndi Zimbabwe. Bernard anadzipereka, ngakhale anali atakhazikika bwino ku Cape Town. Bishopuyo anamuika ku Nhowe, m'dziko la mfumu Mangwende, kufupi ndi Marondera, nam'siya komweko. Tsono mlendoyo anamanga nyumba yache, nalima munda wache, naphunzira Chishona kufikira anatha kuthandiza pomasulira mapemphero m'chinenerocho. M'mawa uliwonse anayamba ndi kupemphera, kenaka anaphunzitsa ana kuwerenga ndi kuyimba, nacheza ndi akulu m'midzi. M'mwezi wa March 1896 anakwatira Mutwa, namwali wa pa banja la Mangwende, kotero amene anadza ngati mlendo anasanduka mkamwini.

Koma dziko linali pa mabvuto. British South Africa Company inali italanda nthaka ndi ng'ombe, niika msonkho wa nyumba, nikakamiza amuna kugwira ntchito. Ndiponso dzombe, chilala ndi mliri wa ng'ombe zinasautsa anthu. Amandebele anauka m'mwezi wa March 1896, Amashona nawatsata mu June. Madandaulo ao anali oona, ndipo mkwiyo wao unagwera aliyense wooneka ngati mnzao wa Azungu. Bernard analinso ndi adani ache pa mudzi, pakuti anadula mitengo ina m'nkhalango yopatulika ya mizimu, nasema mitanda pa ina, ndipo osunga miyambo sanaiwale.

Anthu anam'chenjeza kuti athawe nthawi ikalipo. Njira inali yotseguka, ndipo palibe akadam'dzudzula, popeza mkazi wache anali ndi pakati. Koma iye anakana pa zifukwa ziwiri. Choyamba, mpingo unamuika pamenepo, ndipo sanafune kuchoka pa malo ache chifukwa cha mantha. Chachiwiri, anali kusunga nkhalamba yodwala yopanda woisamala, imene sikadatha kuyenda ulendo. Pamenepa kumvera ndi chikondi zinakhala chinthu chimodzi: lamulo lokha silikadam'gwira mwendo, koma nkhalambayo ndi ana a sukulu ndiwo anali ntchito imene anatumidwira.

Usiku wa pa 18 June 1896 anthu anafika pa khomo pache, nam'kokera kunja, nam'lasa ndi mkondo. Mutwa anam'peza akali moyo pafupi ndi kasupe, ndipo Bernard anam'langiza kuti abatizidwe. Mkaziyo anapita ndi mnzache kukam'konzera chakudya. Ndipo iwo anasimba kuti anaona kuwala kwakukulu pa phiri, namva mkokomo ngati wa mapiko a mbalame zambiri. Pobwerera sanam'peze, ndipo mtembo wache sunaoneke konse.

Akupha anayesa kuti ntchito yatha, koma mbeu inali itagwa kale m'nthaka. Patapita mwezi umodzi wophunzira wache, John Kapuya, anabatizidwa. Mutwa anabala mwana wamkazi, Masiwa, ndipo onse awiri anabatizidwa m'tsogolo mwache. Pa malo a imfa yache anamangapo kachisi, kumene Akristu ochuluka amasonkhana m'mwezi wa June. Mpingo wa Anglican umam'kumbukira pa 18 June, ndipo mu 1961 anatsegula Bernard Mizeki College kufupi ndi pomwepo.

Tsono inu amene mugona m'komboni kutali ndi kwanu, musanene kuti mlendo alibe chopatsa eni dziko. Bernard analibe chuma kapena udindo waukulu. Sanali wansembe, anali mphunzitsi chabe. Ambiri a ife sadzaitanidwa kufa ndi mkondo. Koma mnzanu akadwala m'komboni wopanda mbale wom'phikira phala, kapena mwezi ukatha ndipo mkazi ndi ana kumudzi ayembekeza ndalama, funso la usiku uja lafika pa khomo panunso: kodi mudzakhala, kapena mudzathawa?