Moyo wa Mai Elizabeth Fox-Genovese

Mai Elizabeth Fox-Genovese, katswiri wa mbiri ya amai, anabadwira ku Boston m'dziko la America mu 1941. Poyamba ankatsatira maganizo a Karl Marx, akuti mbiri ya anthu imayenda ndi kulimbana kwa olemera ndi osauka. Mu 1978 iwo ndi amuna awo, a Eugene Genovese, anayambitsa magazini ya Marxist Perspectives, ndipo mu 1986 anakhala mkulu woyamba wa maphunziro a za amai pa Yunivesite ya Emory.

Buku lawo la mu 1988, Within the Plantation Household, linaonetsa kuti m'minda ya akapolo ya kumwera kwa America, mkazi wa mwini munda ndi mkazi wogulidwa sanali pachibale, ngakhale ankakhala khomo limodzi. Mfundo imeneyi idzakuthandizani pophunzitsa za ukapolo m'sukulu za ku Machinga ndi Balaka, kumene mafumu ena, monga Kawinga, ankagulitsa anthu kufikira m'ma 1890. Nakonso akazi ogwidwa ankasinja ndi kutunga madzi pamodzi ndi eni mudzi, koma opanda mwini mbumba wowateteza.

Kenaka maganizo a maiwa anatembenuka. Mu 1995 analowa Mpingo wa Katolika, nayamba kutsutsa poyera kuchotsa mimba, ndipo anzawo ambiri akale anakhumudwa nawo. Komabe ndikuona kuti chimene ankadana nacho chiyambire sichinasinthe: mtima woika ufulu wa munthu payekha patsogolo pa banja ndi mudzi. Anamwalira ku Atlanta mu 2007.