David Livingstone ndi a m'Nyumba Mwake

Pa chikondwerero chino, pamene tikumbukira iwo amene anatitsogolera, nkoyenera kuti tinenepo za Dotolo David Livingstone. Pakuti m'mwezi wa November 1866, pa ulendo wake wotsiriza, anapita m'dera lino la kumalire, nafika kufupi ndi magwero a mtsinje wa Bua, napitirira kumka ku Luangwa. Ana a sukulu a ku Chiosya adziwa za nyanja imene anaiona ndi za ukapolo umene anautsutsa. Koma za m'nyumba mwake sizinenedwa kawirikawiri, ndipo m'menemo muli chilangizo cha kwa ife.

Anabadwa pa 19 March 1813 ku Blantyre wa ku Scotland, kwa makolo osauka. Ali ndi zaka 10 analowa ntchito m'nyumba yopota thonje, kuyambira 6 koloko mamawa kufikira 8 koloko usiku, ndipo poweruka anali kumkanso kusukulu. Kotero anakula wosazolowera kupuma. M'chaka cha 1841 anafika ku Kuruman, kumwera kwa Afrika, ku misiyoni ya Robert Moffat; ndipo mu 1845 anakwatira Mary, mwana wa Moffatyo.

Kuyambira 1847 anakhala ku Kolobeng, pakati pa anthu a mfumu Sechele. Tsiku lawo linali lotere: mamawa mapemphero a m'nyumba, pamenepo sukulu, itatha sukulu mwamunayo anali kusula zitsulo, kupala matabwa ndi kulima, mkazi wake naphunzitsa tiana, madzulo anali kuyenda m'mudzi, kulalikira ndi kuzonda odwala. Polowa m'nyumba anali atalema ndithu, osatsala ndi mphamvu yakuseka ndi ana ake.

Kawiri anatenga banja lake pa ngolo ya ng'ombe kukadutsa chipululu cha Kalahari, ndipo anawo anasauka ndi malungo ndi ludzu. Tsono mu April 1852 anakweza mkazi wake ndi ana anayi m'chombo ku Cape Town kumka ku Britain, akuyesa kuti adzawatsata zitapita zaka 2. Koma zinapita zaka 4 ndi miyezi 8 asanaonane. Masiku onsewo Mary, amene anabadwira ku Afrika, anali mlendo m'dziko la makolo ake, kusamuka nyumba ndi nyumba, wosowa ndi wodwaladwala.

Mu 1858 anabwerera pamodzi, koma pokhala Mary anali ndi pakati, anatsalira kwa makolo ake, ndipo mwamuna wake anafika pa Nyanja yathu mu 1859 wopanda iye. Anakomananso pa Zambezi kuchiyambi kwa 1862. Isanathe miyezi 3 malungo anamgwira mayiyo, namwalira ku Shupanga pa 27 April, naikidwa patsinde pa mlambe. Pamenepo munthu wolimba mtima uja analira ngati mwana. Mwana wawo wotsiriza, Anna Mary, anayamba kuona nkhope ya atate wake mu 1864, ali ndi zaka 5. Woyamba kubadwa, Robert, anatsata atate wake kufikira ku Natal, osawapeza. Namka ku America, nalowa usilikali pa nkhondo ya pachiweniweni, nafera m'ndende ya ankhondo chaka chomwecho, ali ndi zaka 18.

Mpumulo umene iye sanaufune unamfikira mokakamiza. Mu 1870, ali ku dziko la Manyema ku Congo, zilonda za kumapazi zinamkhazika pansi miyezi yambiri. M'dziko limenelo anawerenga Buku Lopatulika lonse kanayi. Ndipo pokumbukira zaka za ku Kolobeng analemba za chisoni chimodzi chimene chinamtsalira. Sanadandaule kuti anaphunzitsa anthu Mawu a Mulungu, iyayi. Koma kuti sanayese chinthu chomuyenera kupatula nthawi yakusewera ndi ana ake pamene anali nawo pafupi, ndipo tsopano analibe wosewera naye.

Sanawaonenso. Anamwalira pa 1 May 1873 ku mudzi wa Chitambo, ali chogwada pambali pa kama wake. Susi, Chuma ndi anzawo anakwirira mtima wake patsinde pa mtengo, nanyamula thupi kufikira kunyanja ya mchere, ndipo linaikidwa ku Westminster Abbey pa 18 April 1874.

Sitinena izi kuti tichepetse munthu amene tidya zipatso za ntchito yake. Pakuti mwini wake ndiye anayamba kuzivomera. Koma inu abusa, alaliki, akulu a mpingo ndi amayi otumikira, muzilingalire. Maliro achuluka, misonkhano siitha, ndipo midzi ya mpingo italikirana. Munthu akhoza kutha sabata yonse pa njinga, nabwera ana atagona. Mpingo udzapeza wina wakulalikira m'malo mwanu tsiku limodzi, koma mwana sadzapeza atate wina kapena amayi wina. Mulungu amene anatipatsa ntchito ndiye anaikanso tsiku lakupuma. Chifukwa chake Akhristu asayese mbusa wawo waulesi pamene akhala pakhonde ndi a m'nyumba mwake. Koma akulu amsenzeko katundu, kuti amene aweta nkhosa za m'midzi asataye za m'khola lake.