Berta Bobath

Berta Bobath (5 Disembala 1907 – 20 Januwale 1991) anali katswiri wa mafizo wobadwira ku Germany amene anagwira ntchito yake ku Britain. Iye pamodzi ndi mwamuna wake, Karel Bobath, anayambitsa njira yothandizira anthu ofa ziwalo chifukwa cha sitiroko komanso ana obadwa ndi vuto la muubongo lotchedwa cerebral palsy. Njirayi imadziwika ndi dzina lawo lakuti Bobath.

Ubwana ndi maphunziro

Berta anabadwira mumzinda wa Berlin ndipo dzina la makolo ake linali Busse. Ali mtsikana anaphunzira masewero olimbitsa thupi ndi kuvina pasukulu ya Anna Herrmann, ndipo atamaliza anayamba kuphunzitsa pasukulu yomweyo. Kumeneko ndi kumene anazolowera kuyang'anitsitsa mmene thupi la munthu limayendera ndi mmene minyewa imamasukira. Popeza anali Myuda, ntchitoyi inamuthera chipani cha Nazi chitalowa m'boma mu 1933. Mu 1938 anathawira ku London. Karel, dokotala amene ankadziwana naye kuyambira ku Berlin, anafikanso kumeneko ndipo awiriwa anakwatirana mu 1941.

Chiyambi cha njira ya Bobath

M'zaka za m'ma 1940 Berta anapemphedwa kuti athandize Simon Elwes, katswiri wojambula zithunzi za anthu, amene sitiroko inamupha mbali ya kumanja. Masiku amenewo madokotala ambiri ankakhulupirira kuti mkono wouma ndi sitiroko sungasinthe, choncho ankangophunzitsa wodwala kudalira mbali yamoyo. Berta anaona kuti akaugwira mkonowo ndi kuutembenuza mwa njira zina, kuyambira paphewa, kuumako kunkachepa ndipo wodwalayo ankayamba kuusuntha pang'ono. Izi zinamupatsa maganizo akuti mbali yakufa nayonso ikhoza kuphunzitsidwa.

Berta ankayesa njirazi ndi manja ake pa odwala, pamene Karel ankafufuza zimene zimachitika muubongo ndi m'mitsempha kuti afotokoze chifukwa chake. Mu 1950 Berta analandira ziyeneretso za ntchito ya mafizo, ndipo mu 1951 banjali linatsegula chipatala chawo ku London, chomwe mu 1975 chinatchedwa Bobath Centre. Mu 1970 anatulutsa buku lotchedwa Adult Hemiplegia: Evaluation and Treatment, lonena za kuyeza ndi kuthandiza akuluakulu ofa mbali imodzi ya thupi.

Ulemu ndi imfa

Berta ndi Karel anayenda m'mayiko ambiri kuphunzitsa akatswiri a mafizo. Mu 1978 Berta anapatsidwa ulemu wa MBE ku Britain, ndipo mu 1981 yunivesite ya Boston inamupatsa digiri yaulemu. Awiriwa anamwalira tsiku limodzi kunyumba kwawo ku London, Berta ali ndi zaka 83.

Ntchito yake masiku ano

Phewa ndi mkono wa munthu wa sitiroko zikadali nkhani yaikulu pa mafizo. Minyewa ikafooka, kulemera kwa mkono kumakoka phewa mpaka limagwejemuka ndi kupweteka, ndiye chifukwa chake osamalira wodwala amalangizidwa kuti asamudzutse pomukoka mkono wakufawo. Akatswiri ena amamata tepi yotanuka paphewa kapena padzanja kuti ichirikize mfundo ndi kuchepetsa ululu. Tepi yotchuka ya Kinesio anaiyambitsa ndi Kenzo Kase wa ku Japan m'zaka za m'ma 1970, ndipo si mbali ya zimene Berta anayambitsa. Tepiyi imangothandizira, silowa m'malo mwa mafizo.

Njira ya Bobath yokha yakhala ikukayikiridwa. Kafukufuku amene anatuluka mu 2009 m'magazini ya Stroke sanapeze umboni woti imaposa njira zina. Akatswiri ambiri tsopano amalimbikitsa kuti wodwala azibwereza ntchito zenizeni, monga kugwira kapu, kumanga mabatani kapena kusamba m'manja. Komabe mfundo ya Berta yoti mkono wakufa usanyalanyazidwe idakalipo. Ku Malawi, odwala sitiroko amalandira mafizo m'malo monga Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre ndi m'zipatala zazikulu, kuphatikizapo chipatala chachikulu cha Mzuzu.