Bambo de l'Épée, Mphunzitsi wa Ana Osamva

Kale m'maiko a ku Ulaya mwana akabadwa wosamva, anthu ambiri ankamuyesa wopanda nzeru. Ankaganiza kuti popeza mwanayo sakumva mawu, sangathenso kuganiza, ndipo kumuphunzitsa n'kutaya nthawi chabe. Motero ana otere ankangokulira pakhomo osadziwa ngakhale chilembo chimodzi. Ana a anthu olemera okha ndiwo ankawapezera aphunzitsi apadera. Aphunzitsiwo ankalipiritsa ndalama zambiri, ndipo ena mwa iwo ankabisa njira zawo zophunzitsira poopa kuti wina angawalande ntchito. Amene anatsegulira ana a amphawi khomo la sukulu anali wansembe wa ku France, dzina lake Charles-Michel de l'Épée.

Charles anabadwa m'mwezi wa Novembala chaka cha 1712 mu mzinda wa Versailles, kufupi ndi Paris. Bambo ake anali katswiri wojambula mapulani a nyumba, ndipo ankagwira ntchito kwa mfumu ya dzikolo. Pakhomo pawo panalibe umphawi. Mnyamatayo anaphunzira bwino, ndipo mtima wake unali pa unsembe. Koma masiku amenewo mu Mpingo wa Katolika ku France munali mkangano waukulu pa chiphunzitso, ndipo wofuna unsembe ankayenera kusaina kalata yotsutsa mbali imodzi ya mkanganowo. Charles anakana kusaina. Pa chifukwa ichi anamukaniza unsembe, iye n'kupita kukaphunzira za malamulo. Patapita zaka, bishopu wa mzinda wa Troyes anamudzoza kukhala wansembe. Pambuyo pake Bambo de l'Épée anabwerera ku Paris, koma akuluakulu a mpingo kumeneko sanawalole kugwira ntchito zonse za unsembe.

Cha m'ma 1760, ali ndi zaka pafupifupi 50, wansembeyu analowa m'nyumba ina ya mu Paris. Mbiri imati m'nyumbamo anapezamo atsikana awiri amapasa akusoka. Anawapatsa moni, koma atsikanawo sanayankhe kanthu. Mayi wa anawo atafika anafotokoza kuti onse awiri anali osamva, ndi kuti wansembe wina, Bambo Vanin, amene ankawaphunzitsa za Mulungu ndi zithunzi, anali atamwalira. Tsono panalibenso wowaphunzitsa.

Bambo de l'Épée anavomera kupitiriza ntchitoyo ngakhale anali asanaphunzitsepo munthu wosamva. Atakhala ndi atsikanawo kanthawi, anaona chinthu chimene anthu ambiri ankachiona koma osachilabadira: amapasawo ankacheza ndi manja. Wina akagwedeza zala, mnzake ankayankha. Ankafunsana, kusekana ngakhalenso kutsutsana. Apa wansembeyu anazindikira kuti anawo anali kale ndi chinenero chawo, ndi kuti wosadziwa kanthu m'nyumbamo anali mphunzitsi. Choncho munthu amene anaphunzira Chilatini ndi malamulo uja anakhala pansi, nayamba kuphunzira kwa ana. Akaloza buledi, atsikanawo ankaonetsa chizindikiro cha buledi ndi manja. Iwo ankachitsanzira mpaka atachigwira, kenaka n'kulemba dzina la buledi m'Chifalansa kuti anawo alione. Potero chizindikiro cha manja ndi mawu olembedwa zinakumana, ndipo atsikana aja anayamba kuwerenga.

Mbiri ya zimenezi itamveka, makolo ena anabwera ndi ana awo. Bambo de l'Épée anasandutsa nyumba yawo, imene inali mumsewu wotchedwa rue des Moulins, kukhala sukulu. Sankalipiritsa ndi khobidi lomwe. Ndalama zoyendetsera sukuluyo, ngakhalenso zogulira chakudya ndi zovala za ana osauka, zinkachokera pa chuma chimene makolo awo anawasiyira. Ana ankaphunzira pamodzi m'kalasi, ndipo ichi chinali chachilendo, chifukwa aphunzitsi akale aja ankaphunzitsa mwana mmodzi kapena awiri basi. Ana amene kwawo ankakhala okhaokha anapeza anzawo ocheza nawo tsiku lonse, ndipo chinenero chamanja chinakula ndi kulemera.

Kuphunzitsa maina a zinthu zooneka, monga mpando, galu kapena moto, kunali kosavuta. Nanga mawu onena zinthu zosaoneka? Taganizani mmene mungaonetsere ndi manja mawu oti kukhulupirira. Bambo de l'Épée ankawaphwanya mawu otere m'zigawozigawo. Pa mawu oti kukhulupirira ankaonetsa kuti munthu akuvomera ndi mutu, akuvomera ndi mtima, akuvomera ndi pakamwa, komabe maso ake sanaone. Anapanganso zizindikiro za nthawi. Dzanja likaponyedwa kumbuyo kwa phewa, ndiye kuti chinthucho chinachitika kale. Likatambasulidwa kutsogolo, ndiye kuti chidzachitika. Polemba maina a anthu ndi a malo ankagwiritsa ntchito afabeti ya zala, imene chilembo chilichonse chili ndi kapindidwe kakekake ka zala. Afabetiyi inapezeka m'buku limene Juan Pablo Bonet wa ku Spain anasindikiza mu 1620, ndipo wansembeyu anachita kuphunzira Chisipanishi kuti aliwerenge.

Koma si zonse zimene anapanga zinali zabwino. Pofuna kuti manja azitsata galamala ya Chifalansa liwu ndi liwu, anawonjezera zizindikiro zambirimbiri, kotero kuti chiganizo chachifupi chinkasanduka chachitali ndi chotopetsa. Ana ankazigwiritsa ntchito m'kalasi, koma akatuluka panja ankabwerera ku chinenero chawo chija, chimene chinali chachangu ndi chomveka bwino. Patapita zaka makumi angapo wansembeyu atamwalira, sukuluyo inazisiya zizindikiro zowonjezerazo. Tsono amalakwa amene amati Bambo de l'Épée ndiwo anayambitsa chinenero chamanja. Eni ake anali anthu osamva. Mu 1779 munthu wina wosamva wa mu Paris, Pierre Desloges, amene ntchito yake inali yomanga mabuku, analemba buku lofotokoza kuti anthu osamva a mumzindawo ankakambirana nkhani zamtundu uliwonse ndi manja ngakhale sanapiteko kusukulu.

Bambo de l'Épée sanabise njira yawo. Anailemba m'mabuku awiri, lina mu 1776 ndi lina mu 1784. Khomo la sukulu linali lotsegukira aliyense wofuna kudzaonerera, ndipo pa masiku oikika ana ankayankha mafunso pamaso pa khamu la anthu, polemba m'Chifalansa, m'Chilatini ndi m'zinenero zina. Mu 1777 kunafika mlendo wamkulu, Mfumu Joseph II ya ku Austria. Mfumuyo itaona zimene ana ankachita, inatumiza wansembe wake ku Paris kuti akaphunzire njirayo, ndipo mu 1779 sukulu ya ana osamva inatsegulidwa ku Vienna. Aphunzitsi enanso anabwera kuchokera m'mizinda ndi m'maiko ena, nabwerera kwawo kukatsegula masukulu.

Otsutsa analiponso. Ku Germany kunali mphunzitsi wina, Samuel Heinicke, amene anatsegula sukulu yake ku Leipzig mu 1778. Iyeyu ankakhulupirira kuti mwana wosamva ayenera kuphunzira kulankhula ndi pakamwa ndi kuwerenga milomo ya anthu, chifukwa manja angamulepheretse kuphunzira mawu. Awiriwa anatsutsana m'makalata, ndipo palibe amene anagonja. Mkangano umenewu unapitirira iwo atafa kale. Mu 1880 aphunzitsi ochokera m'maiko osiyanasiyana anasonkhana ku Milan m'dziko la Italy, nagwirizana zoti manja achotsedwe m'kalasi. Kwa zaka pafupifupi 100 ana ambiri ankaletsedwa kulankhula ndi manja kusukulu, koma chinenerocho sichinafe. Ana ankaphunzitsana okhaokha kogona ndi kosewera, kufikira masukulu anayambanso kuchilemekeza.

Mu ukalamba wawo Bambo de l'Épée anali atatsala ndi zochepa, pakuti chuma chonse chinathera pa ana. Anthu amasimba kuti m'nyengo ya chisanu choopsa cha 1788 nkhalambayi inakana kugula nkhuni zootha m'chipinda mwake kuti ndalamazo zithandize sukulu, mpaka ana eni ake anachita kuichonderera. Anamwalira pa 23 Disembala 1789 ali ndi zaka 77, chaka chomwecho chimene anthu a ku France anaukira ufumu wawo. Mu 1791 nyumba ya malamulo ya dzikolo inalamula kuti boma litenge sukuluyo ndi kumaiyendetsa ndi ndalama zake, ndipo inaika dzina la wansembeyu pakati pa anthu amene anachitira mtundu wa anthu zabwino.

Wolowa m'malo mwawo anali wansembe wina, Bambo Sicard. M'nthawi yake ana ena osamva a pasukulupo anakula n'kukhala aphunzitsi. Mmodzi mwa iwo, Laurent Clerc, anawoloka nyanja ya Atlantic mu 1816 pamodzi ndi Thomas Gallaudet, ndipo mu 1817 awiriwa anatsegula sukulu ya ana osamva mu mzinda wa Hartford ku America. N'chifukwa chake chinenero chamanja cha ku America chili pa ubale ndi cha ku France, pomwe cha ku Britain n'chosiyana nacho kwambiri, ngakhale maiko awiriwo amalankhula Chingerezi chimodzimodzi.

Sukulu ija ikadalipo mu Paris mpaka lero, mumsewu wa rue Saint-Jacques kumene inasamukira mu 1794. Pabwalo lake paima chifanizo cha Bambo de l'Épée akuphunzitsa mnyamata ndi zala. Chifanizocho anachiika mu 1879, ndipo amene anachiumba ndi Félix Martin, mmisiri wosamva amene anaphunzira pa sukulu yomweyo.