Sergio Leone: Mtaliyana amene adasula makauboyi osalankhulalankhula

Amuna atatu aima pakati pa manda, manja ali pafupi ndi mfuti. Kwa mphindi zingapo palibe wotsegula pakamwa. Zikulankhula ndi maso ndi nyimbo basi. Apa mpamene pamafika pachimake filimu ya The Good, the Bad and the Ugly ya mu 1966, ndipo woonera wa ku Kawale kapena ku Chinsapo safunika Chingerezi kuti mtima uyambe kumugunda.

Amene adaikonza, Sergio Leone, nayenso Chingerezi chinkamuvuta. Adabadwira ku Rome pa 3 Januwale 1929, m'banja la zisudzo: bambo ake ankakonza mafilimu pomwe mayi ake ankasewera m'mafilimu opanda mawu. Kusukulu adaphunzira limodzi ndi Ennio Morricone, yemwe pambuyo pake adapeka nyimbo za mafilimu ake.

Mu 1964 adatulutsa A Fistful of Dollars. Adaijambulira ku Spain, adabisala m'dzina lakuti Bob Robertson kuti aoneke ngati wa ku America, ndipo Clint Eastwood adamulipira madola 15,000 okha. Nkhani yake adaitapa mu Yojimbo, filimu ya Akira Kurosawa wa ku Japan, popanda chilolezo, mwakuti mlandu utabuka adakakamizika kugawana phindu ndi eni ake.

Makauboyi a Leone sadali oyera mtima ngati a ku Hollywood. Adali afumbi, andevu, adyera. Amuna atatu aja akulimbirana golide wokwiriridwa m'manda pomwe dziko lili pa nkhondo yapachiweniweni. Akatswiri ounika mafilimu adayamba ndi kunyoza, koma anthu wamba adadzaza mabenchi.

Okonda reggae m'makwalala a Biwi ndi Area 25 adalawako chikoka chake, mwina osadziwa. Ku Jamaica oimba ena adadzitcha Clint Eastwood ndi Lee Van Cleef, maina a osewera a Leone. Naye Quentin Tarantino sabisa kuti adaphunzira kwa iye.

Filimu yake yomaliza, Once Upon a Time in America ya mu 1984, ogulitsa a ku America adaidula kuchoka pa mphindi 229 kufika pa 139, zomwe zidamupweteka kwambiri. Adamwalira ndi nthenda ya mtima pa 30 Epulo 1989 ali ndi zaka 60, atatsogolera mafilimu asanu ndi awiri okha.

Manda achiphamaso aja, amene asilikali a Spain adamanga m'dera la Burgos, adamera tchire kwa zaka pafupifupi 50. Kuyambira mu 2015 anthu ongodzipereka adawalambula, ndipo lero kumapita alendo.